Mmene Ndinafoletsera Mbande za Mwana Wanga

Ndakhala mphunzitsi wamkulu zaka zambiri, ndipo pa zaka zonsezo palibe mlendo wa ku ofesi ya maphunziro amene anapezapo kapepala pabwalo la sukulu yanga. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene anachita zimene ndifotokozezi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza ku sukulu ina ya kufupi ndi Senga Bay ana anga akadali aang'ono, ndipo ndakalambira konkuno. Lamulo langa linali lodziwika. Mlendo akamabwera, udzu utchetchedwe, miyala ya m'mbali mwa njira ipakidwe laimu, ana afole, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Aphunzitsi anzanga ankanena kumbali kuti ine ndikhoza kufoletsa ngakhale nkhuku. Ndinkazimva, koma ndinkaziyesa ulemu.

Nditapuma ntchito ndinamanga nyumba kuseri kwa sukulu komweko, pamchenga, pamene Okutobala akafika munthu sungaponde pansi wopanda nsapato. Mwana wathu wachitatu, wamkazi, ndiye anapita patali ndi sukulu. Anaphunzira za mitengo ku yunivesite, ndipo atamaliza anamuitananso kuti achite digiri yachiwiri. Tsiku lina ali patchuthi ndinamufunsa kuti kwenikweni amachita chiyani kumeneko, poti anthu kutchalitchi ankandifunsa, ine n'kumangoyankha kuti za nkhalango.

"Ababa, mumaona mmene malata amachitira dzimbiri kuno?" anatero. "Mtengo nawonso, dzuwa likauwotcha madzi n'kusowa, m'kati mwa maselo ake mumabadwa zinthu zodya selo ngati dzimbiri. Koma mtengo sungokhala. Umapanga mankhwala akeake odzitetezera. Wina umapanga ambiri, wina ochepa. Ife tikufuna tipeze kachigawo ka chibadwa chake kamene kamalamula zimenezo."

"Mukakapeza?"

"Timakalimbikitsa kuti kazigwira ntchito kwambiri. Kapena timakatenga n'kukaika mu mtengo wina."

Ndinaika kapu ya tiyi pansi. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo zimene ndinamvazo sizinandikomere ngakhale pang'ono. Ndinamufunsa ngati amene analenga mtengo anaiwala kanthu koti mwana wanga akamalizitse. Ndinalalikira mpaka tiyi anazizira. Amayi ake, amene ankasankha mpunga pa lichero pambali pathu, anangoti, "Mango omezanitsa aja mumatha dengu lonse osamufunsa Mulungu." Ndinati zimenezo ndi zosiyana, ngakhale kusiyana kwake sindinakufotokoze.

Mtima unakhala pansi atandiuza kuti pakhomo panga sipadzabwera mtengo wosinthidwa. Kusinthako kumachitikira ku labu ya dziko lina, ndipo kumeneko anali atamusungira malo amodzi oti akayambe mu Januwale. Koma anayenera kupitako ndi masamba oyezedwa bwino, osonyeza kuti ndi mitengo iti ya nsangu ya kuno imene imapanga mankhwala aja ambiri ikakhala pa ludzu. Akalephera kukhala nawo pa nthawi yake, malowo apita kwa wophunzira wina. Zimenezi ndinazimva bwinobwino, ndipo pamenepa sindinganame kuti sindinkadziwa.

Nsangu ndi mtengo umene alimi a kuno amausiya m'munda dala, chifukwa umayoyola masamba mvula ikayamba ndipo chimanga cha pansi pake chimakondwa. Chilimwe chathunthu mwana wanga anazungulira pa kabaza, kuyambira m'midzi ya asodzi mpaka ku madambo a mpunga ku Maganga, kupempha eni minda kuti atole zipatso zake, kulimbirana ndi mbuzi. Ankabwera atada ndi dzuwa, miyendo itakalikakalika ndi minga. Njere za mtengo uliwonse ankaziika mu envulopu yakeyake. Chaka chotsatira anazifesa m'machubu, ndipo nazale anaiika kuseri kwa nyumba yathu pansi pa chisakasa cha udzu, poti ankafuna kutentha kwenikweni kwa Salima.

Nazale imeneyo inkandipweteka m'maso. Pa mbande iliyonse panali kachidutswa ka chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, komangidwa ndi waya, kolembedwa nambala yofufutika ndi dzuwa. Pa zina panali nsanza yofiira, pa zina yakuda, zong'ambidwa ku zitenje zakale za amayi ake. Manambalawo sankatsatana. 47 anaima pafupi ndi 3, yaitali pafupi ndi yaifupi, ngati anthu pa depoti ya minibasi. Ndinafunsa kamodzi chifukwa chake. Iye anati zimayenera kukhala choncho, ndipo ine ndinaona kuti ndi ulesi wa ana a masiku ano umene aupezera dzina. Sindinafunsenso.

Wothirira anali amayi ake. Mwana anawaphunzitsa masiku awiri ine ndili kumisonkhano ya mpingo, ndipo ndinaitenga ngati ntchito ya kudimba imene sinkandikhudza. Ndinkangowaona pawindo akuyenda ndi kapu ya pulasitiki, apa athira, apa adumpha. Pofika Okutobala theka la mbande linali lobiriwira, theka lina litazyolika, timasamba titapindika, tina tikuyoyoka. Mumtima ndinati mayiwa atopa ndi mjigo, ndipo sindinafune kuyambitsa mkangano.

Lolemba lina kunabwera uthenga wa maliro a malume a mkazi wanga ku Dedza. Akulongedza chikwama anati, "Mbande zija ndaziona kale, musavutike nazo. Ndibwera Loweruka." Mawa lake m'mawa mwana anaimba foni.

"Ababa, Lachisanu tikubwera ndi aphunzitsi anga kudzathyola masamba. Musakonze chilichonse. Tingofika, tigwire ntchito, tibwerere."

"Chabwino, mwanawe."

Tsopano ndiuzeni, ndi mlendo uti kwathu kuno amene sanena kuti musavutike? Nanga ndi mwininyumba uti amene amamvera? Mlendo akamati musaphe nkhuku, nkhukuyo imakhala itafa kale. Nditatsitsa foni ndinapita kuseri, ndinaima n'kuyang'ana nazale ija ndi maso a mlendo, ndipo manyazi anandigwira. Munthu wamkulu wa ku yunivesite adzapeza nsanza, zigubu ndi mitengo yofota. Adzati mwanayu ndi wosasamala, amayi ake ndi aulesi, bambo ake anali hedimasitala wa chiyani. Ndinatsimikiza mtima kuti ndiwaphimba onse awiri, mwana ndi amayi ake omwe.

Ndinayamba ndi madzi. Ndinamangirira zigubu ziwiri panjinga, ulendo wa kumjigo, munthu wa imvi m'dzuwa la Okutobala. Pa ulendo wachinayi mayi wina pamjigopo anati, "Ahedi, madzi onsewa mukusamba nokha?" Anzake anaseka, ine ndinangomwetulira ngati munthu amene akudziwa zimene ena sakudziwa. Ndinathirira m'mawa ndi madzulo, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Zofota zija ndinkazibwereza kawiri, mpaka madzi kutuluka pansi pa machubu. Pofika Lachinayi zinali zitadzuka, timasamba titatambasuka. Ndinakondwa kwambiri, ndipo ndinali nditakonza kale mawu odzawauza amayi ake akabwera ku maliro.

Kenako ndinamasula nsanza ndi tizigubu tonse n'kuponya m'dengu. Manambala ndinawaona, sindinali wakhungu. Ndinangoganiza kuti nambala ndi nambala, chofunika n'chakuti mbande iliyonse ikhale ndi yake, ndipo ikhale yowerengeka. Ndinakoka chingwe kuti mizere iwongoke, ndinanyamula machubu amodziamodzi msana ukulira, zazifupi kutsogolo, zazitali kumbuyo. Ndinadula timakatoni toyera n'kulembapo ndi dzanja langa la pabolodi, kuyambira 1 mpaka 240. Za m'dengu zija ndinakazitentha kudzenje pamodzi ndi masamba a mango. Ndinasesa, ndinapaka laimu miyala, ndinapakanso mizati ya chisakasa. Mnansi wanga, bambo wachisilamu woyanika usipa, podutsa anaima n'kunena kuti, "Mashallah, ahedi, apa ndiye ngati pakubwera nduna." Ndinamupempha kuti akazi ake adzandiphikire nkhuku ndi mpunga m'mawa mwake.

Galimoto inafika Lachisanu cha m'ma 9 koloko. Ine ndinali nditavala jekete ndi tayi m'kutentha konse kuja. Aphunzitsi aja anali mayi wamfupi, wovala chipewa ndi nsapato zafumbi, moti ndinatsala pang'ono kuyamba kupereka moni kwa dalaivala. Titalonjerana ndinawatsogolera ndekha kuseri. Ndinkafuna adzionere okha.

Mwana anali kumbuyo kwanga, atanyamula kope lake ndi bokosi la ayezi losungiramo masamba. Titakhota pakona ya nyumba ndinamva kuti mapazi ake aima. Nditacheuka ndinamuona ali kakasi, akuyang'ana mizere ija. Ndinayesa kuti wadabwa ndi kukongola. Anaika bokosi pansi pang'onopang'ono, anapita pa mbande yoyamba, anagwira kakatoni kanga n'kukatembenuza kuti aone kuseri kwake. Kenako analowetsa chala m'dothi, ndipo chinatuluka ndi matope.

"Ababa, tizigubu tija tili kuti?"

"Ndachotsa. Ndaika zooneka bwino."

"Mwatisunga pati?"

Maso anga anapita okha kudzenje. Mwana anathamangira kumeneko, anagwada m'dzenje la zinyalala ndi zovala zake za kutauni, n'kuyamba kufukula phulusa ndi manja. Anatulutsa chibuma chachikasu chosungunuka, mawaya atatulukira mbali zonse. Ankachitembenuza uku ndi uku kufuna nambala ngakhale imodzi. Pamenepo ndinali ndisanamvetsebe kuti ndalakwa chiyani kwenikweni.

Aphunzitsi aja ndi amene anandifotokozera. "Bambo, nambala iliyonse inkatiuza mtengo umene njere inachokera. Nsanza yofiira inali ya mbande zimene tazimana madzi dala kwa masabata asanu ndi limodzi. Zofota zija ndi zimene tabwerera. Mtengo ukamwa, mankhwala aja umawachepetsa. Ndiye tikathyola masamba lero, tikayeza madzi anu."

"Nanga kusakanikirana kuja?"

"Kunali dala. Sitinkafuna kuti za mtengo umodzi zikhale kudzuwa zokhazokha, za wina kumthunzi zokhazokha."

Ndinafunsa ngati sitingazimanenso madzi. Ndinati ndikhoza kuziyang'anira ndekha, osathira ngakhale dontho. Aphunzitsiwo anati ngakhale titazimana, palibe amene angadziwe kuti iyi ndi ya mtengo uti, ndipo njere zina palibe. Kutola zatsopano, kufesa, kudikira kuti zikule, Januwale adzakhala atadutsa kalekale. Analankhula mofatsa, ndipo kufatsako kunandipweteka kuposa mbama.

Ndinaima pamenepo ndi jekete langa, thukuta likutsika kumsana, ndikuyang'ana mizere yanga yowongoka. Moyo wanga wonse ndinali ine woima kutsogolo n'kumafunsa kuti wachita izi ndani. Ndinachita mantha, mantha enieni a mwana amene waswa chinthu cha eni ake. Sindinkakhulupirira kuti ntchito ya zaka ziwiri ingathe m'masiku atatu, ndipo woithetsayo akuimba nyimbo za kwaya. Ndinkangoyang'ana manja anga, laimu akadali m'mphepete mwa zala.

Nkhuku inali itapsa kale, ndipo aphunzitsi aja anati sangakane chakudya cha pakhomo. Mwana anakasamba m'manja, koma phulusa linatsalira m'zikhadabo. Anabwera ndi beseni, anagwada, anatithirira madzi monga amachitira masiku onse. Sanalire, sanakalipe, ndipo sanandiyang'ane kumaso. Aphunzitsi anayesa kucheza za kutentha kwa Salima ndi mtengo wa usipa, dalaivala anadya bwino. Ine mpunga unkangozungulira m'kamwa. Ndikanakonda mwanayo akanandinyoza pamaso pa alendo, mwina ndikanapeza poimira. Anabwerera ndi bokosi lawo lopanda kanthu, ayezi akusungunukira momwemo.

Loweruka m'mawa ndinatenga pepala ndi mpando n'kukakhala pa nazale. Ndinkayesa kukumbukira kuti iyi ndinaichotsa pati, inali ndi nambala yanji. Ndinali munthu wokumbukira mayina a ana a sukulu yonse, ndiye ndinati mbande sizingandikanike. Pofika masana ndinali nditalemba khumi ndi imodzi, ndipo zisanu mwa izo ndinkazikayikira. Ndinamuimbira mwana kumuuza kuti ndayamba kukumbukira. Iye anangoti, "Zisiyeni, ababa."

Amayi ake anafika madzulo ake pa kabaza. Uthenga anali atalandira kale pa foni, moti asanamasule n'chitenje chomwe cha ku maliro anapita kuseri. Anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Ine ndinali kumbuyo kwawo ngati wogwidwa ndi mlandu.

"Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikudutsa mbande zofota, kapu ya madzi ili m'manja, mtima ukundiwawa, osathira," anatero. "Mumaganiza kuti sindinkaziona?"

"Simunandiuze."

"Munafunsa? Ine wa sitandade 6 ndinafunsa mpaka mwana anatopa nane. Inu ophunzira munangoona nsanza basi. Amati safunsa anadya phula, koma inu phulalo mwadyetsa mwana."

Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanasowepo mawu omaliza, koma tsiku limenelo ndinalowa m'nyumba mwakachetechete. Kutchalitchi mkulu wa mpingo mnzanga atamva nkhaniyi anayesa kunditonthoza, nati mwina Mulungu anandigwiritsa ntchito kuti mwana asakasewere ndi chilengedwe. Zinandinyansa. Ndinamuuza kuti asamunamizire Mulungu, amene anandituma ndi manyazi anga.

Mvula itagwa, amayi ake anagawa mbande zija kwa aliyense wofuna, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe. Timakatoni tanga tinasungunuka ndi mvula yoyamba, ndipo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake mwana anadula zigubu. Malo a ku labu aja anapita kwa mnzake wina. Mwana wanga anamaliza digiri yake mochedwa ndi chaka, koma labu ija sinamuitanenso. Ntchito imene ankailota, yolowa m'kati mwa chibadwa cha mtengo, sanaigwirepo mpaka lero.

Koma ndadumpha. Patatha masabata atatu kuchokera Lachisanu lija, mvula isanayambe, mwana anabwera kudzatola njere zatsopano mbuzi zisanamalize. Masiku awiri tinkangolankhulana za moni ndi za chakudya. Tsiku lachitatu m'mawa ndinamupeza panjira akudikira wa kabaza, thumba la maenvulopu lili m'manja. Ndinali ndisanapepesepo kwa mwana wanga aliyense chiyambire, ndipo mawu anatuluka movutika.

"Mwanawe, ndinalakwa. Undikhululukire."

"Ndamva, ababa. Ndikudziwa kuti munkafuna zabwino."

Ndinalimba mtima. Ndinati chisakasa chilipo, ndachifolera udzu watsopano, ndipo ulendo uno sindidzapondako n'komwe pokhapokha iye atandituma.

"Nazale ya chaka chino siikhala pano," anatero. "Ndapangana ndi mayi wina ku Maganga."

"Kutali konseko? Ndiye tsiku lina udzanditenge ndikaone."

Wa kabaza anali atafika. Mwana anayamba kumangirira thumba lake kumbuyo kwa njinga, ndipo anatenga nthawi yaitali pa mfundo imodzi.

"Ndidzakuonetsani zithunzi, ababa."

Zithunzizo anandionetsadi, pa foni yake, ataigwira yekha.